Masiku asanu ndi atatu pa nyumba ya agogo ku Nkhotakota

Lolemba

Ndanyamuka ku Lilongwe kusanache bwino, m'chikwama muli zovala zochepa ndi ndalama zomwe tasonkha ife ana anayi a mayi. Ndinatsika pa Kaphatenga n'kukwera minibasi ina yolowera kumpoto pa msewu wa M5. Pa Khombedza tinaima nthawi yaitali kudikira anthu, pa Benga tinatsitsa matumba a chimanga, ndipo pa mlatho wa Chia anyamata anathamangira pa mawindo ndi mipukutu ya chambo. Ndinagula zinayi. Kwathu sungafike chimanjamanja.

Mayi athu anatisiya chaka chatha. M'masiku awo omaliza sankalankhula zambiri, koma mawu amodzi anawabwereza kangapo: "Nyumba ya amayi ija isagwe inu mukuona." Ndi mawu amenewa andikweza galimoto lero.

Kabaza wandifikitsa pakhomo dzuwa litapendeka. Nyumbayo ndinaiona ndili patali, pakati pa mitengo iwiri ya mango, ndipo mtima unandigunda. Yafupika. Denga lalowa m'kati chapakati ngati msana wa ng'ombe yokalamba, malata afiira, ndipo nsanamira imodzi ya khonde aichirikiza ndi mtengo wa bulugamu. Amayi aang'ono, omwe akukhalamo mpaka lero, anali pa mphasa akusenda chinangwa. Atandiona anaimirira, mpeni uli m'manja, n'kuyamba kulira dzina la mchemwali wawo. Tinalira tonse pakhondepo.

Usiku tadya kondowole ndi chambo chija. Ndagona m'chipinda chomwe ndinkagona ndili mwana, ndipo pa denga ndikuwerenga nyenyezi zitatu.

Lachiwiri

Amisiri afika m'mamawa pa njinga. Ndi bambo wachikulire wa m'mudzi woyandikana nawo, amene amalume anandiuza kuti ndiye yekha watsala wodziwa nyumba zomangira dothi. Sanafunse za ndalama, sanakhale n'komwe pansi. Anatenga kamwala n'kuyamba kuzungulira nyumba akugogoda khoma, khutu atalitchera. Ine ndinkangowatsata pambuyo.

Khoma lakumadzulo linkayankha mawu olimba. Titafika lakum'mawa, loyang'ana kunyanja, mawu anasintha, linayamba kulira ngati ng'oma yotha chikumba. Anaima n'kundiyang'ana.

"Achimwene, simentiyu anapaka ndani?"

Ndinawauza kuti tinapakitsa ifeyo zaka zingapo zapitazo, titaona kuti mvula ikudya khoma. Tinkaona ngati tathandiza. Anaboola pang'ono ndi nsonga ya mpeni womangira, ndipo chibenthu chachikulu ngati mbale chinagwa pansi. Kumbuyo kwake njerwa zinali zonyowa, pamene mwezi uno ndi Ogasiti, mvula inaleka kalekale. Anafinya imodzi ndi chala, inanyenyeka ngati chigumu.

Zomwe anandifotokozera ndizilembe bwino, chifukwa nyumba zambiri za makolo athu zikufa imfa yomweyi. Nyumbayi inamangidwa ndi njerwa zootcha koma zolumikiza ndi dothi, osati simenti. Khoma lotere limamwa chinyezi kuchokera pansi nthawi ya dzinja, kenako n'kuchitulutsa pang'onopang'ono dzuwa likamawomba. Kale ankalipaka laimu, ndipo laimu amalola kuti khoma liume. Simenti ndi wouma mtima. Akamata kunja, madzi okwera kuchokera m'maziko amasowa potulukira, amangokhala m'katimo kufewetsa dothi ndi njerwa mpaka khoma kutupa. Ndiye chaka cha 2024 nyanja itakwera kwambiri, nthaka ya dera lino inakhala yonyowa miyezi yambiri, ndipo khomali linamwa kuposa kale. Mbali yomwe sitinapake simenti ndi yomwe ili yamoyo.

Zinandipweteka kumva. Koma ndi bwino kuti ndamva ndisanagule matumba a simenti amene ndinawalemba kale pa pepala langa.

Kenako anakwera pa denga. Mitengo ya bulugamu yomwe inaikidwa pambuyo pake chiswe chaimaliza, yangotsala khungu, ukabaya ndi msomali mukutuluka dothi. Koma chitseko chakumaso ndi mafelemu ake, za mlombwa, zili gwa. Amisiri anachisisita ndi chikhatho nthawi yaitali. Akuti matabwa otere lero sungawapeze pa msika uliwonse kuno, mlombwa waukulu unatha m'midzi. Chitsekocho n'cholemera moti mwana sangachikankhe ndi dzanja limodzi, ndipo pafupi ndi loko pali malo osalala, odera, pomwe manja a anthu a m'banja lathu akhala akugwira zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi.

Chigamulo chawo: nyumba ikhoza kuchira. Denga lonse lichoke, khoma lakum'mawa aliphwasule kuyambira pa windo kutsika m'munsi chigawo ndi chigawo, simenti yense ametedwe.

Lachitatu

Lero linali tsiku la mawu, ntchito sinagwirike.

Amalume, omwe ndi mwinimbumba wathu, anaitanitsa banja pansi pa mango. Achimwene anga aakulu ali ku Johannesburg, ndiye tinawaika pa foni pakati pa mphasa. Maganizo awo ndinkawadziwa kale: kugwetsa zonse, kumanga ya mabuloko a simenti, ya zipinda zitatu, matailosi pansi. Ndipo sindinganene kuti alibe mfundo. Iwo ndi amene asonkha zambiri, ndipo akuopa kuti tithira ndalama pa chinthu choti pakatha zaka zisanu chifunanso zina.

Amalume anawasiya mpaka amalize. Kenako anati, "Mphwanga, wamveka. Koma nyumba ya mwini saotchera mbewa. Mwini wake si iwe, si ine. Ndi awa akhala apawa." Analoza amayi aang'ono.

Kuno malo ndi a kuchikazi. Agogo aamuna anali mkamwini, kwawo kunali ku mapiri a Ntchisi, ndipo dothi lomwe pali nyumbayi ndi la agogo aakazi ndi ana awo aakazi. N'chifukwa chake nkhani ya nyumbayi anthu akale a m'mudzi muno amaikumbukirabe. Mkamwini nthawi imeneyo sankamanga ya njerwa ndi malata pamudzi pa mkazi, poti banja likatha amachoka ndi kathumba kake basi. Anzawo ankawanena kuti akutaya chuma pa eni. Agogo anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumeneko, maulendo awiri. Ulendo woyamba anabwera ndi njinga, bulangete ndi bokosi lachitsulo lomwe lili kuchipinda mpaka pano. Wachiwiri anasunga ndalama ya malata.

Amayi aang'ono ndi amene anafotokoza za chaka. Iwo sawerengera zaka ndi manambala. Akuti njerwa zinaumbidwa chilimwe chomwe a Kamuzu Banda anabwera kudzachititsa msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress kuno ku Kota Kota, ndipo chimenecho ndi chaka cha 1960. Anthu onse a m'mudzi anapita kukaona, koma agogo anatsala pa uvuni chifukwa moto unali utayatsidwa kale, ndipo uvuni ukayaka suusiya. Agogo aakazi anapita ku msonkhano ndi mwana kumbuyo, pobwera n'kudzawasimbira amuna awo akusonkhezera nkhuni.

Panatulukanso nkhani yomwe sindinaimvepo. Ndakhala ndikudabwa chifukwa chake pabalaza pali simenti pansi koma zipinda ziwiri zogona n'zozira ndi dothi. Amalume akuti inali ntchito yawo. Anakonzeka kupita ku Joni ngati bambo awo kuti akapeze ya simenti, koma mu 1974 ndege yonyamula anthu a Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi ambiri n'kufa, ndipo boma linaimitsa zotumiza anthu ku migodi. Ulendo unathera pomwepo. Amalume analowa usodzi, ndipo zipindazo zinakhala choncho. Pofotokoza izi anayang'ana kumbali.

Atafunsidwa, amayi aang'ono sanachulukitse. "Ine ya matailosi ndikagona bwanji? Muno ndimayenda usiku wopanda nyali. Ndikonzereni yomweyi, ndifere momwe anafera amayi."

Foni inakhala chete kanthawi. Kenako achimwene anati, "Chabwino amayi, tamva." Ndikudziwa kuti sanakhutire kwenikweni, ndipo usiku uno tayankhulana awiri nthawi yaitali. Ndawalonjeza kuti ndiziwatumizira zithunzi ndi malisiti a chilichonse.

Lachinayi

Ndapita pa boma kukagula zipangizo: malata, misomali, matabwa a paini, laimu, ndi matumba ochepa a simenti wa ngalande yozungulira nyumba. Ngolo yonyamula inati ibwera masana, ndiye ndinali ndi maola atatu opanda chochita. Ndinatsikira ku Linga, tauni yakale ya Nkhotakota.

Ndinakulira kuno koma mkuyu wa pafupi ndi chipatala cha St Anne's ndinkangoudutsa ngati mtengo wina uliwonse. Lero ndinakhala pansi pake. Apa ndi pomwe amati David Livingstone anakumana ndi Jumbe, mtsogoleri wa amalonda Achiswahili, ndi mafumu a kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860, kuwapempha kuti aleke malonda a akapolo. Sanaleke. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika kuno cha m'ma 1840, ndipo kuchokera pa gombe lomweli zombo zake zinkawolotsa anthu ndi minyanga kupita tsidya la kum'mawa, ulendo wa pansi wopita ku Kilwa, ku gombe la nyanja ya mchere, n'kuyambira kumeneko. Ufumu wa a Jumbe unatha m'ma 1890 Angerezi atachotsa womaliza n'kumutumiza ku Zanzibar. Ndikamaganiza kuti agogo a agogo anga aakazi anali pompano nthawi imeneyo, akulima mpunga m'madambo omwewa, ndimadzifunsa kuti ankagona bwanji usiku. M'banja mwathu za nthawi imeneyo sizikambidwa. Zimene zimakambidwa zimayambira pa nyumba ija, ngati kuti mbiri yathu inayamba tsiku lomwe tinapeza chitseko chotseka ndi kiyi.

Ndinadutsanso pa tchalitchi cha All Saints cha Anglican, pomwe pali manda a Bishopu Chauncy Maples amene anamira pa nyanja mu 1895. Agogo ankapemphera kumeneku, ndipo amayi aang'ono amati khonde la nyumba yathu analitengera pa nyumba za amishoni. Lero maso anga anali a mmisiri: ndinkayang'ana kukhuthala kwa makoma ndi m'mene denga latulukira kunja kuti mvula isamenye njerwa. Nthawi ya swala ya masana itakwana, kuitana kwa ku mzikiti kunamveka chapafupi. Linga ndi wotero, belu ndi adhana zimapatsana mpata, ndipo m'banja lathu lomwe muli a mbali zonse ziwiri.

Ngolo inafika mochedwa. Tatsitsa katundu ndi tochi.

Lachisanu

Tachotsa denga.

Tinayamba kutulutsa katundu yense kumuika pansi pa mango: bedi lachitsulo, bokosi la ku Joni, mtondo, mitsuko iwiri, chithunzi cha ukwati wa mayi. Katundu wa zaka zonsezi sanadzaze ngakhale mphasa zinayi. Anyamata atazula lata loyamba, mileme inatuluka gulu, ana n'kubalalika akukuwa. Fumbi lakuda linagwa ngati mvula.

Malata akalewo anandidabwitsa. Ngakhale achita dzimbiri, ndi okhuthala moti mnyamata mmodzi amavutika kunyamula limodzi. Ambiri angoboola m'malo a misomali. Amisiri asankha asanu ndi atatu oti akafolere khitchini, akuti adzatha ife titakalamba.

Masana, akuphwasula khoma lodwala lija, mnyamata wina anaitana. Pakati pa njerwa ziwiri, pansi pa felemu la windo, munali kandalama kobiriwira ndi dzimbiri, kobooka pakati. Ndinakatsuka ndi phulusa ndi ndimu. Zinaoneka njovu ziwiri zitaimirira uku ndi uku kwa bowolo, ndi mawu akuti Rhodesia and Nyasaland. Ndi peni ya nthawi ya Chitaganya, ndalama yomwe inkayenda kwacha ndi tambala zisanabwere mu 1971. Kaya inagwa m'thumba la womanga, kaya agogo anaiikamo dala, amalume ndi amayi aang'ono atsutsana mpaka madzulo. Amalume akuti bambo awo sakanataya peni osaifunafuna. Amayi aang'ono akuti n'chifukwa chake iwo akukhulupirira kuti anaiika okha.

Koma chomwe chandigwira mtima kwambiri si ndalamayo. Njerwa zomwe zatuluka zamoyo tinkaziika pambali kuti zibwererenso m'khoma, ndipo ndinkazipukuta imodziimodzi. Si zofanana ngati za masiku ano. Ina yapsa mpaka kuda, ina yofiirira, ina yopindika pang'ono pomwe chikombole chinakakamira. Pa imodzi panali phazi la mwana, lathunthu, zala zisanu ndi chidendene, lomwe linaponda njerwa isanaume. Ndinapita nayo kwa amayi aang'ono. Anaiyang'ana, n'kuika chala chawo m'kati mwa chidendenecho.

"Awa ndi amako. Ine ndinali kumbuyo. Amakowo ankakwapulidwa tsiku lililonse chifukwa chothamanga pa njerwa."

Sindinathe kuyankha. Ndinapita kuseri kwa khitchini ndi njerwayo, ndinakhalako kanthawi.

Usiku uno tagona panja tonse, nyumba ili yasa kuyang'ana kumwamba.

Loweruka

Tsiku lovuta. Amisiri atamasula mtolo wa malata atsopano anagwedeza limodzi, n'kupukusa mutu. Ndinalipira a geji 28, koma pakati pa mtolo anandiikira ena opyapyala, a geji 32. Kwa amene simunagulepo malata: nambala ikamakwera, lata limapyapyala, ndipo kuno kunyanja lopyapyala silichedwa kubooka. Ndinabwerera pa boma ndi njinga yamoto, lisiti m'manja. Mwini sitolo anayamba wakana, kenako anati ndi anyamata ake anasokoneza. Wasintha, koma mtengo wa ngolo yachiwiri wagwera ine, ndipo theka la tsiku lapita. Mukamagula, masulani mtolo pomwepo, mugwire lata lililonse.

Pobwerera ndinapeza mwera wakula. Mphepo imeneyi imachokera kum'mwera chakum'mawa miyezi ino yozizira, ndipo ikalusa asodzi sapalasa bwato. Nyanja inali yotuwa, yochita thovu. Amisiri anakaniratu kukweza lata ndi limodzi lomwe, akuti pa mphepo yotere lata limasanduka mpeni. M'malo mwake tinapaka matabwa onse oyilo wakutha wa galimoto kuti chiswe chisawayandikire, ndipo anyamata anakakumba dothi la pachulu, kulisefa, kulisakaniza ndi mchenga, n'kuliponda ndi mapazi. Khoma lakum'mawa layamba kukwera, njerwa zakale pansi, zogula pamwamba. Zogulazo tazipeza kwa munthu wina amene anagwetsa nyumba ya makolo ake, ndipo sitinafune kutentha uvuni watsopano pomwe mitengo yatha chonchi.

Amalume atiuza kuti kumapeto kwa denga atulutse malata kunja kwambiri kuposa kale, makamaka mbali ya kunyanja. Amisiri avomera.

Lamulungu

Palibe ntchito. Tinapita ku tchalitchi ndi amayi aang'ono, akuyenda pang'onopang'ono atagwira mkono wanga. Pobwera anthu ambiri anatiimitsa kufunsa za nyumba. Gogo wina anandigwira dzanja osalisiya, akuti ukwati wake madyerero anachitikira pakhonde pathu chifukwa inali nyumba yokhayo ya malata kumbali ino ya mudzi, ndipo maliro a mwana wake woyamba anthu anabisala mvula momwemo. Sindinkadziwa.

Madzulo ndinatsikira kugombe. Mwera wagonako. Amayi akuyanika usipa pa matandala, anyamata akusoka maukonde ndi kukonza nyali zopita nazo pa nyanja usiku. Ndinagula usipa wa mawa wa anthu ogwira ntchito.

Lolemba

Tinadzuka nkhuku zisanatsike kuti tipezerepo mwayi mphepo isanayambe. Amuna asanu ndi mmodzi a m'mudzi anabwera okha, osaitanidwa, kudzathandiza kukweza mitanda. Amalume, ngakhale miyendo ikuwavuta, anaima pansi akulozera ndi ndodo pomwe mtanda wakale unkakhala. Pofika 10 koloko misomali inali ikulira, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mbali yakumaso inali itafoleredwa. Amayi aang'ono ndi azimayi anzawo anaphika mpunga ndi usipa wotendera, tonse tinadyera pansi pa mango.

Ntchito yatsala yambiri. Khoma liyenera kuuma milungu ingapo asanalipake laimu ndi mchenga. Ngalande yozungulira nyumba ikumbidwe mvula isanagwe mu Novembala kapena Disembala. Nsanamira ya khonde ikufunika yatsopano, ndipo mawindo awiri alibe magalasi. Ndalama zomwe ndinabwera nazo zatsala zokwanira laimu ndi malipiro a amisiri basi, zina tisonkhanso mwezi ukatha. Za pansi pa zipinda ziwiri zija ndinafunsa ngati tithire simenti. Amayi aang'ono akana, akuti dothi limafunda nthawi ya mwera ndipo kuzira sikunawalakepo. Amalume anangoti, "Zisiyeni choncho," ndipo ndinaona kuti nkhope yawo yamasuka.

Peni ija taibwezera pomwe inali, pansi pa felemu la windo, ndipo mwana wa mchemwali wanga waikapo K10 yachitsulo pambali pake, ndiyo inali m'thumba mwake. Njerwa ya phazi la mayi amisiri ankafuna kuiika m'kati mwa khoma momwe inachokera. Ndinawapempha kuti aitembenuze, phazilo liyang'ane kunja, pakhonde, pafupi ndi chitseko, ndipo asapakepo laimu. Aiika m'munsi ndithu, pa msinkhu woti mwana akhoza kuigwira.

Ndatumiza chithunzi chake ku Johannesburg. Achimwene sanalembe kanthu kwa ola lathunthu, kenako afunsa mtengo wa magalasi a mawindo awiri aja.

Minibasi ya ku Salima ndikwera mawa m'mamawa. Amayi aang'ono andimangira kale ufa wa kondowole ndi mpunga m'kathumba, ndipo pano akusesa m'chipinda chawo kuti bedi lilowe usiku uno, ngakhale mbali yakuseri ya denga sinathe.